Momwe mungaonere mbalame m'chisanu ku England, pakhomo ndi ku Rutland Water

Mitengo ikayoyola masamba mu November, mbalame za ku England zimasowa pobisala, ndipo njala imazikokera kufupi ndi nyumba. Kwa Amalawi okhala ku Leicester ndi madera oyandikira, ino ndiyo nthawi yosavuta kuphunzira kuzizindikira.

Yambani pakhomo. Gulani chodyetsera chopachika, muthiremo njere za mpendadzuwa zosenda kale, chifukwa mitundu yambiri imadya zimenezi. Onjezani timibulu tamafuta togulitsidwa m'masitolo. Mtedza wamchere musaike, ndipo wachuku ndi poizoni. Gulani wokonzedwera mbalame n'kuuika m'chodyetsera chawaya kuti zizijompha pang'onopang'ono. Buledi amangodzaza mimba.

Chodyetseracho chipachikeni pafupi ndi chitsamba choti zithawiremo kabawi akatulukira, koma osati pomwe mphaka wa aneba angalumphire. Ikaninso madzi m'mbale yosazama, ndipo m'mawa uliwonse muziswa ayezi. Masiku oyamba mwina sipabwera kanthu, musachichotse. Zoyamba kufika nthawi zambiri ndi blue tit ndi great tit, kenako goldfinch wa nkhope yofiira. Robin amakonda kutola zogwa pansi.

Ambiri amalephera pa ukhondo. Matenda a trichomonosis, omwe achepetsa kwambiri mbalame za greenfinch ku Britain, amafala kudzera m'malovu otsalira pa chakudya ndi m'madzi. Tsukani chodyetsera sabata iliyonse, chiume musanathiremo zina. Mukaona mbalame yofooka, nthenga zili nyankhalala, chotsani zonse kwa milungu ingapo.

Maso akazolowera, pitani kudamu. Damu lalikulu la Rutland Water lili kum'mawa kwa Leicester, pafupi ndi tauni ya Oakham, ndipo chisanu chikafika pamasonkhana abakha zikwizikwi ochokera kumpoto kwa Ulaya. Lawirani, pakuti mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Valani zofunda zingapo, magolovesi ndi nsapato zosalowa madzi. Mphepo ya padamu siichita chibwana. Tengani binoculars ya 8x42, yomwe imakuza chinthu kasanu n'katatu.

Lowani m'tinyumba tamatabwa tobisalamo, tsegulani zenera mwakachetechete, dzuwa likhale kumsana ngati n'kotheka. Musathamangire kutchula dzina. Yambani mwaona kadyedwe: abakha a wigeon amadya udzu m'mphepete uku akuimba mluzu, pomwe tufted duck ndi goldeneye amamira n'kukatulukira pena. Gulu muziliyang'ana kuchokera mbali imodzi mpaka inzake, bakha mmodzimmodzi, chifukwa smew, kabakha koyera kosowa, kamabisala pakati pa anzake.

Kumapeto kwa January, bungwe loteteza mbalame la RSPB limachititsa Big Garden Birdwatch, kalembera wa mbalame yemwe adayamba mu 1979: mumakhala pakhomo ola limodzi n'kulemba chiwerengero chachikulu cha mtundu uliwonse womwe watera nthawi imodzi.

Ma osprey otchuka a ku Rutland, mbalame zazikulu zogwira nsomba, musawafune m'chisanu. Ambiri amakhala ali kumadzulo kwa Africa, ndipo amayamba kubwerera mu March.