Kusankha chikwama cha kumsana posaka ndi saddle

Mwafunsa chikwama choyenera mlenje wa ku America amene amadikirira agwape a whitetail ali lende mumtengo, atamangidwa ndi lamba wa saddle, wovala m'chiuno ndi kukhalira, amene amamangiriridwa kumtengo ndi chingwe.

Choyamba, yalani katundu yense pansi: kapulatifomu kopondapo, ndodo zokwerera zitatu kapena zinayi, zingwe, jekete ndi madzi. Katunduyo ndiye akuuzeni kukula kwa chikwama. Kwa ambiri malita 20 mpaka 30 amakwana pa ulendo wa tsiku limodzi.

Kenako onani malamba akunja, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Ndodo ndi pulatifomu zimamangidwa kunja, ndipo zikamagundana, gwape amva kulira kwa chitsulo muli kutali. Mangani, dumphani kangapo, mumvetsere. Zikwama zokhala ndi felemu, monga Eberlestock X2, zimasenza bwino zitsulozi ngakhale zimalemererako.

Chachitatu, khudzani nsalu. Yofewa ndiye yabwino, poti sichita phokoso. Velcro, chotsekera chomatirira chija, ayi ndithu, amamatuka mokuwa.

Mukatero yesani chikwamacho mutavala saddle, poti lamba wa m'chiuno wa chikwama amatha kupanikizana ndi wa saddle. Pomaliza onani kuti chili ndi chogwirira cholimba chokolekera pamtengo ndi lamba, popeza m'nkhalango zambiri za boma saloleza kuboola mitengo ndi zokolekera zopotokola.