Kagulidwe Koyenera pa Misika ya Nyengo ya Khrisimasi ku Mulanje ndi ku Thyolo

Mwezi wa Disembala ukafika, misika ya kuno kwathu imasintha nkhope. Mvula imakhala itayamba, ntchito yothyola tiyi m'maesiteti imakhala itafika pachimake, abale ogwira ntchito ku Blantyre, ku Lilongwe ngakhalenso ku Joni amabwera kudzaona kumudzi, ndipo ndalama zimayenda kwambiri m'manja mwa anthu. Amalonda amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pa Limbuli, pa Chitakale, pa Nkando, pa Luchenza ndi pa Bvumbwe pamadzaza ogulitsa, ena odziwika kalekale, ena ongobwera kudzakokera ndalama za chikondwerero. Munthu wofuna kuti ndalama yake imugwirire ntchito asamangoyang'ana mtengo wotsika. Ayang'ane zinthu zitatu pamodzi: muyeso umene akupatsidwa, ubwino wa katunduyo, ndiponso ngati wogulitsayo adzapezekanso pamalo pomwepo mu Januwale chinthu chikavuta.

Ntchito imayambira kunyumba. Musananyamuke, patulani ndalama zimene sizikuyenera kulowa mumsika: za sukulu pakuti teremu yachiwiri imatsegulidwa kumayambiriro kwa Januwale, za feteleza wobereketsa, ndi za chimanga chodutsira miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitauma. Zotsalazo ndizo za chikondwerero, ndipo lembani papepala zimene mukufuna kugula. Musadalire mitengo imene mukuikumbukira ya chaka chatha, chifukwa kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira yakhala ikusinthasintha kwambiri. Funsani mnansi amene wapita kumsika sabata yomweyo. Zinthu zosaonongeka msanga, monga mpunga, mchere, zovala za ana ndi zitenje, muzigule kumayambiriro kwa mweziwo, popeza masiku atatu kapena anayi otsiriza Khrisimasi isanafike ndi pamene wogulitsa amadziwa kuti simungabwerere chimanjamanja.

Mukafika, musagule pa benchi yoyamba. Zungulirani msika wonse mukufunsa mitengo kwa anthu atatu kapena anayi, ndipo mudzaona kuti amene ali m'mphepete mwa msewu, kumene kumaima galimoto za apaulendo, kawirikawiri amatchula mtengo wokwererapo kusiyana ndi amene ali mkati. Zimenezi zimaonekera bwino pa Bvumbwe, kumene kabichi, karoti ndi tomato zimakopa anthu odutsa pa msewu wa Limbe. M'mawa mumapeza katundu wabwino koma mtengo uli wouma. Madzulo mitengo ya ndiwo zamasamba, nthochi ndi zinanazi imafewa chifukwa mlimi safuna kubwerera nazo, koma zabwino zimakhala zitasankhidwa kale. Nyama ndi nsomba zaziwisi muzigule m'mawa basi.

Pamene ndalama zambiri zimatayikira mwakachetechete ndi pa muyeso. Mpunga, nyemba ndi nandolo amazigulitsa pa kapu, pa mbale kapena pa chigoba, koma ziwiya zimenezi sizifanana ngakhale zitatchulidwa dzina limodzi. Pali mbale zimene anazisasantha kunsi kuti zichepe mkati, ndipo pali zigoba zimene anazidula mlomo pang'ono moti diso la munthu wofulumira silingazindikire. Tengani chiwiyacho m'manja, muchitembenuze, muone kunsi kwake, ndipo gwirizanani musanayambe kuyesa ngati akudzaza mosefukira kapena mongofika pamlomo. Njira imene ine ndimaiona kuti ndi yothandiza koposa ndiyo kunyamula kapu kapena chigoba cha kunyumba kwanu, kuti muyeso wa wogulitsa aliyense muuthire m'menemo ndi kuona amene akukupatsani zambiri pa ndalama yomweyo. Wogulitsa woona mtima sakwiya ndi zimenezi. Mpungawo muutape pansi pa thumba osati pamwamba pokha, muununkhize, muone ngati si wosweka kwambiri kapena wosakaniza, chifukwa si mpunga uliwonse wotchedwa Kilombero umene uli Kilombero weniweni, ndipo fungo lake ndilo limauulula.

Pa sikelo napo pamafunika maso. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo lili ndi udindo woyesa masikelo a malonda, ndipo sikelo yoyesedwa imakhala ndi chizindikiro chake. Onetsetsani kuti muvi kapena manambala ali pa ziro nyama isanaikidwe, ndipo imani pamene mukutha kuwerenga nokha. Ngati mwagula kale paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, pemphani kuti muiike pa sikeloyo, mudzadziwa pomwepo ngati ikunena zoona. Ambiri amachita manyazi kupempha zotere pamaso pa anthu, koma paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pa milu ya tomato ndi mbatata, yang'anani zimene zili pansi pa muluwo, ndipo basela asakuchititseni khungu, popeza tomato mmodzi woonjezera sabweza atatu oola amene mwanyamula.

Nkhuku ndiyo ndiwo ya tsikulo m'mabanja ambiri, ndipo mtengo wake umakwera tsiku ndi tsiku Khrisimasi ikamayandikira. Ngati muli ndi khola, gulani sabata imodzi kapena ziwiri nthawi isanakwane, koma muisunge payokha kuopa kubweretsa chitopa pakhomo. Inyamuleni mumve kulemera kwake, mugwire pachifuwa kuti muone ngati ili ndi mnofu, ndipo musanyengedwe ndi chithokomiro chodzaza, pakuti ena amaikhutitsa madeya asanapite nayo kumsika. Nkhuku yoodzera, yogwetsa mapiko kapena yotuluka madzi m'mphuno muisiye ngakhale itatchipa motani. Nyama ya mbuzi, ya nkhumba kapena ya ng'ombe muigule pamalo odziwika ophera ndi kugulitsira, pamene alangizi a ziweto amaipima, osati kwa munthu woyenda nayo m'beseni amene sangakuuzeni kuti chiwetocho chinafa bwanji.

Katundu wa m'mapaketi ndi m'mabotolo, monga mabisiketi, majarini, mkaka waufa ndi zakumwa, muziwerenga tsiku limene akuthera mphamvu. Nyengo ino ndi imene ena amatulutsa katundu wokhalitsa n'kumutsitsa mtengo, ndipo pamisika ya kufupi ndi chipata cha Muloza, cha m'malire a dziko lino ndi Mozambique, mumapezekanso katundu wolembedwa m'Chipwitikizi, amene tsiku lake muyenera kulifunafuna modekha. Ngati tsikulo lafufutidwa kapena pamatidwa kapepala kena pamwamba, musagule. Pa kaunjika, tambasulani chovala poyera, muone m'khwapa, zipi ndi msoko, ndipo nsapato za mwana muziyeze ndi kachingwe kapena kamtengo kamene mwayezera phazi lake kunyumba ngati simunabwere naye. Wailesi, tochi, foni kapena nyale ya sola aiyatse pamaso panu, ndipo mufunse momveka kuti, "Bambo, ikakavuta mawa ndidzakupezani pati, ndipo mudzandisinthira?" Yankho la funso limeneli ndilo limasiyanitsa wamalonda wokhazikika ndi wongodutsa.

Kunenerera mtengo ndi mwambo wa msika ndipo palibe cholakwika, koma kuli ndi kachitidwe kake. Yambani ndi moni, "Mwaswera bwanji mayi?", kenako funsani mtengo, ndipo mukapempha kuti achotsereko, tchulani ndalama imene mulidi okonzeka kupereka. Mukagula zinthu zingapo kwa munthu mmodzi mumakhala ndi mphamvu yopempha kuchotseredwa kuposa pamene mukugula chimodzichimodzi kwa anthu osiyana. Kunyoza katundu wa munthu kuti atsitse mtengo ndi khalidwe loipa, ndipo nthawi zambiri kumangoumitsa mtima wa wogulitsayo. Ndinenenso kuti sindiona chilungamo pamene munthu alipira mosafunsa mtengo wolembedwa m'sitolo, koma n'kupanikiza mpaka kumapeto mayi amene wasenza dengu la zinanazi kuchokera m'munsi mwa phiri, amene phindu lake lonse la tsikulo silingakwane botolo la mafuta ophikira.

Kasamalidwe ka makasitomala n'kofunika chimodzimodzi ndi katundu amene mukulipira, ndipo kamaoneka musanatulutse ndalama. Wogulitsa wabwino amatchula mtengo umodzi kwa inu ndi kwa mlendo wovala bwino amene waima pambali panu, amakulolani kugwira ndi kusankha, amakuuzani yekha chilema cha katundu, ndipo sakukankhirani chinthu china pamene chimene mwafunsa palibe. Amene akukufulumizitsani kuti anthu ena akudikira, kapena akukulunga katundu musanamuone, muchokepo mwaulemu. Mukapeza wabwino, mubwererenso kwa iye ngakhale atakwerako pang'ono, chifukwa kasitomala wodziwika ndi amene amasungiridwa katundu wabwino ndi kusinthiridwa popanda mkangano.

Polipira, werengani chenji musanasunthe phazi, ndipo ndalama zikuluzikulu monga K5,000 musamazitulutse zonse pamodzi pagulu. Ngati mukulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, werengani dzina limene latuluka pafoni, mulitchule mokweza kuti wogulitsa avomere, ndipo uthenga wotsimikizira musaufufute. Pa katundu wa ndalama zambiri pemphani lisiti yolembedwa tsiku, mtengo ndi dzina la katunduyo.

Zikavuta, bwererani msanga, makamaka tsiku lomwelo, mutanyamula katunduyo monga munamugulira, ndipo mufotokoze modekha popanda kuitana gulu. Akakana, pitani kwa komiti ya msika kapena kwa mkulu wa msika woimira khonsolo, amene amatolera ndalama za ziphaso ndipo amawadziwa ogulitsa okhazikika. Ngati nkhaniyo ndi ya sitolo, dziwani kuti chikwangwani chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa sichikuchotserani ufulu wanu pamene katunduyo ndi woonongeka, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere. Za ndalama zachinyengo ndi kuberedwa m'thumba, zimene zimachuluka pa chipwirikiti cha pa 24 Disembala, mukanene kupolisi.

Pobwerera, gwirizanani mtengo ndi wa kabaza musanakweze katundu, mumuuze ndi kuchuluka kwa katunduyo, chifukwa masiku amenewa mitengo ya maulendo nayo imakwera. Ufa, shuga ndi mpunga muzikulunge m'pepala la pulasitiki lolimba musanazimange panjinga, popeza mvula ya m'dera lino imagwa mosachenjeza.