Mixer yakale yosalira: kasankhidwe kake ndi mmene mungaidzutsire

Ma mixer akale aja a kukhitchini, otakasira keke ndi kukandira ufa, oima paokha, okhala ndi mbale yakeyake pansi, ambiri amene anthu amati anafa sanafe ayi. Chimene chimakhala chatopa ndi tizinthu ting'onoting'ono, gilizi wauma, mabulashi a mota aperepeseka, waya wang'aluka kapena capacitor (kachipangizo kosunga moto wa magetsi) yapsa, basi. Mota yeniyeniyo ndi magiya achitsulo zimakhala zikadali ndi moyo ndithu. Ndiye amene mukufuna kuyamba kutolera makinawa, ntchito yaikulu ili pogula, muzidziwa chimene chikaonongeka mukhoza kusintha mosavuta ndi chimene mudzachisaka mpaka kutopa.

Poyamba dziwani kaye mitundu yake chifukwa iliyonse ili ndi matenda ake. KitchenAid inachokera ku kampani ya Hobart ya ku Troy, Ohio, yomwe inkapanga makina akuluakulu a m'mabekale, ndipo mixer yawo ya pakhomo yotchedwa H-5 inatuluka mu 1919. Maonekedwe amene tikuwadziwa lerowa anabwera ndi Model K mu 1937, anajambula ndi Egmont Arens, ndipo chosangalatsa nchakuti kabowo kakutsogolo kaja kolumikizirapo chopera nyama ndi zina sanakasinthe kuyambira nthawi imeneyo, moti chipangizo chogulidwa lero chimalowa pa mixer ya agogo. Mu 1986 KitchenAid inagulidwa ndi Whirlpool, nde mukaona dzina loti Hobart pa kalamba kachitsulo kozungulira mutu wa mixer mudziwe kuti ndi ya kale isanafike nthawi imeneyo, ndipo otolera amazilimbirana zimenezo, makamaka mamodelo a K45 ndi K5A. Kwa ine munthu woyamba kumene ayambire pamenepa, masipeya ake ngosasowa.

Sunbeam Mixmaster inayamba mu 1930 ku Chicago, anaipanga ndi Ivar Jepson. Iyi ili ndi zotakasira ziwiri ndipo mbale ndi imene imazungulira. Njokongola zedi makamaka ikakhala ndi mbale zake zagalasi zoyera ngati mkaka kapena zobiriwira zija, pa keke ndi mazira imagwira bwino, koma musaipatse ntchito yokanda buledi wolimba muipha. Kenako pali Kenwood Chef ya ku Britain, ya Kenneth Wood, inaonetsedwa koyamba ku London mu 1950 ngati A700, kenako mu 1960 Kenneth Grange anaisintha maonekedwe nkukhala A701 yamakona ija. Ziliponso zina monga Hamilton Beach ndi Dormeyer, zabwino ndithu, kungoti chotakasira chake chikasowa mudzavutika.

Musanafunse nkomwe mtengo, tembenuzani mixer muone kachitsulo kolembapo mphamvu ya magetsi. Zopangidwira msika wa ku America ndi za 110 mpaka 120V, za ku Britain ndi ku Ulaya ndi za 220 mpaka 240V. Mukalowetsa ya 115V pa soketi ya 230V ilira mwamphamvu kwa kamphindi kenako utsi, yapita. Ka adapter kongosintha mano a pulagi sikathandiza chilichonse, pamafunika thiransifoma yotsitsa magetsi ndipo ma watt ake apose bwinobwino amene alembedwa pa mixer, chifukwa mota ikamadzuka imakoka moto wambiri kuposa ikamayenda.

Tsopano pogula. Zimene sizikuyenera kukuopsani ndi izi, oyilo wakuda wodontha pamwamba pa chotakasira, waya wouma, miyendo ya labala yosungunuka, penti wokalika, ngakhale mota imene ikulira koma chotakasira osazungulira. Zonsezi ndi zokonzeka ndipo mukhoza kunenerera nazo mtengo. Zoti zikubwezeni ndi thupi long'aluka makamaka pakhosi pomwe mutu umagwirana ndi mwendo, fungo la waya wopsa lochokera mkati mwa mota, ndi shafti yopindika. Nunkhizani ndithu kumbuyo kotulukira mpweya, musachite manyazi, mota yopsa ili ndi fungo lakelake loti silichoka olo papite zaka. Ndipo werengani zimene yabwera nazo, mbale, chotakasira, chokandira, chomenyera mazira, chifukwa nthawi zambiri mixer yopanda mbale imene mwaigula motchipa imadzadula kuposa yathunthu mukayamba kusaka mbaleyo pa eBay, msika wa pa intaneti. Pa Kenwood samalani, zipangizo za Chef ndi za Major, modelo yake yokulirapo, sizofanana, Major mbale yake ndi yakuya nde zotakasira zake nzazitali. Ngati mukugula pa intaneti pemphani kavidiyo ikuyenda masipidi onse kuyambira pansi mpaka pamwamba, wogulitsa akamangoti "inkayenda bwinobwino tisanaisunge" muitenge ngati yosayenda.

Mwafika nayo kunyumba, mtima umafuna kungoiyatsa pompo, dikirani kaye. Yang'anani waya kuyambira ku pulagi mpaka pomwe walowera, mupinde pang'ono, akamachita timing'alu ameneyo watha. Makinawa thupi lonse ndi chitsulo ndipo ambiri akale anabwera ndi waya wa nthambo ziwiri wopanda earth, ndiye waya wamkati akakhudza thupi amene mugwidwe shoko ndinu, manja onyowa kukhitchini. Ikani waya watsopano wa nthambo zitatu, ya earth imangidwe pa thupi pamalo opanda penti. Ngati za magetsi simuzidziwa gawo ili lokha mupatseni wodziwa, zotsalazo muchita nokha.

Ntchito yeniyeni ndi ya gilizi, ndipo apa ndifotokoza za KitchenAid yopendeka mutu chifukwa ndi imene ambiri mudzakumane nayo. Konzani sikuludilaiva yafulati ndi ya nyenyezi, hamala yaing'ono, kachitsulo kokhomera mapini, nsanza zambiri, magolovesi, ndi timakontena toikamo masikuluwu. Zulani pulagi. Foni ikhale pafupi, chilichonse musanachimasule jambulani, mudzandithokoza pobwezeretsa. Chotsani chivindikiro chakumbuyo ndi kalamba kozungulira mutu kaja, kenako kamphete konyezimira kozungulira pomwe pamalowa chotakasira, kameneka sikamangidwa ndi sikuluwu kamangokanikizidwa, mukagogoda pang'onopang'ono mozungulira kamagwa. Mukatero muona pini yopingasa pa shafti, ikhomeni ituluke, kenako tsitsani chimutu chozungulira chija mochita kunyamulira mbali zonse ziwiri osati mbali imodzi. Pansi pake pali masikuluwu asanu, ena anayi ali kunsi kwa mutu, mukamasula onsewo gawo lapamwamba lokhala ndi mota limanyamuka, ndipo nlolemera, gwirani ndi manja awiri komanso musakoke waya.

Zimene muone mkatimo zisakudabwitseni. Gilizi amene anali wofewa amakhala wasanduka wakuda bii, m'makona wauma gwa ngati chiponde chokhalitsa chimene mafuta ake anayandama pamwamba, ndipo mafuta olekanawo ndi amene aja amadontha mu keke. Izi zimachitika kwambiri pa mixer yongokhala osagwira ntchito kapena yosungidwa chogona. Palani yense ndi kamtengo kapena pulasitiki, osati chitsulo chakuthwa, magiya muwachotse muwatsuke ndi degreaser (mankhwala osungunula mafuta) ndi kamswachi kakale mpaka dzino lililonse lioneke, kenako aume. Osasakaniza gilizi watsopano ndi wakale, mitundu ina ikakumana imasungunuka nkuyambanso kudontha. Watsopanoyo akhale woyenera makina a zakudya, pachitini pamalembedwa NSF H1, kulimba kwake NLGI 2, ndipo mixer ngati K45 imadya pafupifupi magalamu 170. Gilizi wa galimoto ayi chonde, pansi pa magiyawo pali chakudya cha ana anu. Pakani pa mano onse ndipo wina muunjike pamwamba pa magiya kuti akamatentha azitsikira yekha, gasket yakale, yotseka mpata pakati pa magawo awiri a mutu, ikang'ambika ikani ina.

Muli momwemo yang'anitsitsani giya imodzi yosiyana ndi zinzake, yosakhala yachitsulo, pa zina ndi ya nayiloni pa zakale kwambiri ndi ya fiber yofiirira. Imatchedwa worm gear ndipo anaipanga dala kuti ikhale yofooka, mixer ikakakamizidwa ndi ufa wolimba giya imeneyi ndi imene imadyeka mano kuti mota ipulumuke. Ndiye mixer ija imalira koma osazungulira, kawirikawiri vuto ndi lomweli, ndipo ndi sipeya yotchipa. Mukaona mano ake aphwanyika mbali imodzi sinthani, komanso onetsetsani kuti tizidutswa take tonse mwatichotsa mu gilizi. Ena amafuna kuikapo yachitsulo kuti isadzathyokenso, ine sindigwirizana nazo, tsiku lodzakakamira chidzathyoke ndi chinthu chodula.

Mabulashi ndi timakala tiwiri tokhala ndi sipuling'i, tili kuseri kwa tizivindikiro takuda m'mbali mwa mutu. Akafupika kwambiri mota imathetheka moto wambiri, imadukiza kapena osadzuka nkomwe. Sinthani onse awiri nthawi imodzi. Apa mpamene anthu ambiri amakodwa, kabulashi ka KitchenAid kali ndi kona imodzi yosemedwa ndipo mkati mwa bowo muli kampanda kogwirizana ndi konayo, mukakalowetsa motembenuza kamalowa ndithu koma sikafika pa mota, mixer imangoti zii inu nkumaganiza kuti mwaononga china chake. Unikani ndi tochi m'bowomo musanalowetse. Pomwe mabulashi amakhudza, pa timkuwa tozungulira tija, pakada pukutani ndi sandipepa wosalala kwambiri, osati emery chifukwa fumbi lake limadutsa magetsi.

Kenwood matenda ake otchuka ndi capacitor. Mukuphika bwinobwino kenako phuu, utsi woyera wonunkha, mwina mixer nkuyamba kuthamanga sipidi imodzi yokha yapamwamba osamvera chotembenuzira. Anthu amataya makina abwinobwino chifukwa cha utsi umenewu pomwe mota ilibe vuto. Pamagulitsidwa timapaketi ta masipeya a A701 ndi A901 (Chef ina yobwera pambuyo pake) mokhala ma capacitor ndi ma resistor, pa A901 mumakhalanso triac, ntchito yake ndi ya soldering (kuwotcherera timawaya) basi. Gulani paketi ya modelo yanu yeniyeni, ndipo capacitor yolumikizidwa ku magetsi a pakhoma ikhale ya mtundu wa X2. Musaigwire kumiyendo mutangozula pulagi kumene, imasunga moto. Sinthaninso miyendo ya labala ikaphwa kuti mpweya uzidutsa pansi.

Sunbeam nayo ili ndi capacitor ndi resistor kumbuyo pa chosinthira sipidi, koma chimene imafuna kwambiri ndi oyilo. Pamwamba pa mota pali timabowo tokhala ndi kansalu ka felt mkati, donthezanimo timadontho tochepa ta oyilo wopepuka ngati wa makina osokera. WD-40 si oyilo wa mota, ameneyo ngomasulira masikuluwu a dzimbiri. Komanso pa mamodelo ambiri zotakasira ziwirizo sizofanana, chimodzi chili ndi kabatani kunsi ndipo chimalowa mbali ya kukhoma la mbale, ndi chimene chimakankha mbale kuti izizungulira, mukazisinthanitsa mbale imangoima.

Za penti ndiye pomwe timasiyana maganizo. Ine ndimati ngati penti woyambirira akadalipo musiyeni, tsukani ndi sopo wa mbale ndi kansalu kofewa, pakani polishi wa galimoto, mudabwa mmene mtundu umabwerera. KitchenAid inayamba kutulutsa mitundu mu 1955, pinki, chikasu, wobiriwira, ndipo mixer ya mtundu wake weniweni olo ikhale ndi timabala imakhala ya mtengo kwa otolera kuposa yopoperedwa dzulo. Zilembo ndi timapepala ta dzina musakwechepo, zimafufutika msanga. Ngati penti wafundukadi ndipo dzimbiri lalowa, chabwino pentani, koma penti wakale akhoza kukhala ndi mtovu nde palani ndi sandipepa wonyowa, panja, mutavala masiki, mutachotsa mota ndi magiya. Primer (penti wapansi) yogwira pa chitsulo kaye, kenako penti wopyapyala maulendo angapo, ndipo mupatseni masiku aume mpaka kulimba musanamange. Zotakasira za aluminiyamu zosakutidwa muzitsuka pamanja nkupukuta pompo, mu makina otsukira mbale zimada nkumasiya zotuwa mu chakudya, ndipo chokutidwa choyera chikayamba kusupuka chisiyeni chikhale chongoonetsa.

Mukamanga zonse iyatseni yopanda kanthu kwa mphindi zingapo pa sipidi yotsika kuti gilizi afalikire, mvetserani, kulira kukhale kosalala kopanda kugogoda. Chotsala ndi mpata wa pakati pa chotakasira ndi mbale. Eni ake a KitchenAid amayesa ndi dime, kandalama ka ku America kopyapyala kotambalala pafupifupi mamilimita 18, koma kandalama kalikonse kofanana nako kagwira. Kaponyeni mu mbale yachitsulo, ikani chotakasira chafulati, yatsani pa Stir, sipidi yotsikitsitsa. Kakamangokhala osakhudzidwa ndiye kuti chotakasira chakwera, kakamakokedwa kuzungulira mbale yonse chatsika kwambiri ndipo chizikala mbale, koyenera nkoti kazisuntha pafupifupi sentimita imodzi chotakasira chikadutsa. Pendeketsani mutu, pakhosi pali sikuluwu imodzi, kumanzere imakweza kumanja imatsitsa, muzipotokola pang'onopang'ono kota imodzi nkuyesanso, mukapitiriza kwambiri loko ya mutu imakana kutseka. Ikayamba ntchito, ufa wa buledi muzikanda pa sipidi 2 osapitirira, mutu ukatentha moti dzanja silikupirira izimitseni ipume, ndipo zimene zili pa shelefu zongoonetsa muziziyatsako mphindi ziwiri zitatu pakapita masabata angapo kuti gilizi asayambenso kulekana.