Mmene Mungafotokozere Mtsikana za Thupi Lake ndi Nkhani ya Unamwali

Mtsikana akamayandikira kutha msinkhu, pezani nthawi imene muli awiriwiri, mutenge pepala ndi pensulo, mumujambulire malo atatu a kumaliseche kwake. Kutsogolo kuli kabowo kotulukira mkodzo, pakati pali khomo la njira yoberekera, momwe mumadutsa magazi a msambo ndiponso mwana pobadwa, ndipo kumbuyo kuli kotulukira chimbudzi. Musadumphe mfundo imeneyi poyesa kuti ndi yodziwikiratu, chifukwa alipo akuluakulu amene mpaka lero amaganiza kuti mkodzo ndi msambo zimatulukira pamodzi.

Mukatero, fikani pa kakhungu kopyapyala kamene madokotala amakatcha hymen. Kakhunguka kamakhala m'mphepete mwa khomo la njira yoberekera, ndipo pafupifupi kwa atsikana onse kamakhala ndi bowo kuyambira pamene mwana wabadwa. Kakanakhala chivindikiro chotseka khomo lonse, monga ambiri amanenera, magazi a msambo akanatulukira pati? Maonekedwe ake amasiyana: kwa ena kamazungulira ngati mphete, kwa ena kamangokhala mbali imodzi ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo kwa ena n'kochepa kwambiri moti sikaoneka bwino. Kuti amvetse, tengani sokosi, mukoke kukamwa kwake kenako mulisiye libwerere. Mtsikana akatha msinkhu, timadzi ta m'thupi totchedwa estrogen timachititsa kakhunguka kutanuka mofanana ndi pamenepo, choncho kakhoza kutambasuka osang'ambika.

Apa m'pamene muyenera kuchedwapo, pakuti bodza lalikulu ndi la magazi. Muuzeni mosabisa kuti akazi ambiri sataya magazi pogonana koyamba, ndipo magaziwo akatuluka, kawirikawiri chimachititsa ndi kuuma kwa njira, mantha amene amaumitsa minofu, kapena nkhanza za mwamuna. Nsalu yoyala pabedi siingachitire umboni pa khalidwe la munthu. Ngakhale dokotala sangadziwe poyang'ana kapena popisa zala ngati mtsikana anagonapo ndi mwamuna. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2004 m'magazini ya zachipatala ya Pediatrics, anapima atsikana 36 oyembekezera, koma awiri okha ndi amene anali ndi zizindikiro zotsimikizika zoti anagonanapo. Mu October 2018, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, pamodzi ndi UN Women, nthambi ya United Nations yoona za akazi, ndi ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu, linapempha maiko kuti athetse mchitidwe woyeza unamwali, ponena kuti ulibe maziko m'sayansi ndipo umaphwanya ufulu wa atsikana. Kunena zoona, ine ndimaona kuti kholo loumiriza mwana kukayezedwa limangodzitsekera lokha khomo limene mwanayo akanadzera pa tsiku la mavuto.

Akafunsa za njinga kapena masewera othamanga, yankho n'lalifupi: zimenezo sizichotsa unamwali wa munthu.

Mumuuzenso zoyenera kupita nazo kuchipatala. Atsikana owerengeka amabadwa ndi kakhungu kotsekeratu, moti magazi a msambo amaunjikana m'kati. Ngati wafika zaka 15 asanayambe kusamba, makamaka ngati mwezi uliwonse amamva kupweteka m'munsi mwa mimba koma magazi osatuluka, mupite naye kwa dokotala, amene amatsegula njirayo ndi opaleshoni yaing'ono.