Momwe mungasankhire nyimbo zoimba nokha pa harmonica ya blues

Ambiri akangogula harmonica ya mabowo 10 amathamangira nyimbo imene inawakopa mtima, ndipo kawirikawiri imakhala "Juke" ya Little Walter, katswiri wa harmonica pa nyimbo za blues za ku America. Inajambulidwa ku Chicago mu 1952 n'kufika pa nambala 1 pa tchati cha nyimbo za R&B cha magazini ya Billboard. Kukoma kwake palibe angatsutse. Koma kumbuyo kwa Little Walter kunali magitala a Muddy Waters ndi Jimmy Rogers, komanso ng'oma. Mukaiimba nokha, mipata imene anzakewo ankadzaza imangokhala zii, omvera n'kusokonekera. Nyimbo yoimba munthu mmodzi iyenera kudzinyamula yokha, ndipo kusankha kwanu konse kutsamire pamenepo.

Yambani ndi kumvetsera amene ankaimbadi okha. DeFord Bailey wa ku Tennessee, yemwe anatchuka pa pulogalamu ya pa wailesi ya Grand Ole Opry ku Nashville, ankaliza harmonica ngati sitima yapamtunda mu "Pan American Blues": kunyamuka pang'onopang'ono, kuthamanga, kuliza wezulo. Sonny Terry, yemwe anali wosaona, ankalowetsa mfuu ya pakamwa pakati pa mawu a harmonica moti mungaganize kuti akuimba anthu awiri. Ine ndimati nyimbo yanu yoyamba ikhale ya sitima. Imaphunzitsa kukoka mpweya ndi kuuzira pa mabowo 1, 2 ndi 3 pamodzi mosaphonya kugunda, ndipo ngakhale munthu amene sanamvepo blues amaizindikira nthawi yomweyo.

Mukapeza nyimbo imene yakusangalatsani, musagwire harmonica kaye. Iseweretseni, muzigunda phazi pansi n'kumawerenga ma bar 12 (bar imodzi ndi kugunda kanayi), omwe ndi msana wa nyimbo zambiri za blues. Kenako izimitseni, muing'ung'udze pakamwa phazi likugundabe. Ngati mukusochera pakati, sinakhazikike m'mutu, ndipo milomo singatulutse chimene khutu silinasunge.

Tsopano fufuzani kiyi, ndiye kuti mawu amene nyimbo yonse yakhazikikapo, monga E kapena G. Blues yambiri imaimbidwa mu second position, kutanthauza kuti harmonica ya A imaimba nyimbo ya mu E, ya C imaimba ya mu G, ya D imaimba ya mu A. "Juke" yomwe ija ili mu E pa harmonica ya A. Kokani bowo 2: ngati likugwirizana ndi mawu amene nyimbo imapumulirapo, mwatenga yoyenera.

Pa bending, kupinda mawu kuti atsike, m'pamene ambiri amadzinamiza. Bowo 4 lokoka limapindika sitepe imodzi yokha, bowo 2 masitepe awiri, pamene bowo 3 lili ndi masitepe atatu, ndipo kuima pa sitepe imene mukufuna popanda kuterereka kumatenga nthawi yaitali. Muli ndi gulu, kuphonya pang'ono kumabisala m'phokoso la gitala. Muli nokha, aliyense amamva. Choncho werengani malo amene nyimboyo ikufuna bowo 3 lopindidwa. Akachuluka, iikeni pambali, mutenge yodalira mabowo 2 ndi 4. Mawu apamwamba a Jimmy Reed, opindidwa pouzira mabowo 8, 9 ndi 10, nawonso adikire kaye.

Musaiwale mpweya. Mu second position mumakoka kwambiri kuposa kuuzira, ndiye vuto silikhala kutha mpweya koma kudzaza m'chifuwa. Onani ngati nyimboyo ili ndi malo otulutsira mpweya, kaya kudzera m'mphuno pamene mukuuzira.

Nyimbo yanu yachiwiri ikhale yoyenda pang'onopang'ono. Mvetserani "Easy" ya Big Walter Horton, yojambulidwa ku Sun Records ku Memphis mu 1953. Amabwereza kanyimbo komweko, koma ulendo uliwonse mawu amanenepa, kunjenjemera kwake n'kumakula. Nyimbo yotere imaulula ngati mawu anu ali ndi thupi, ndipo imakukakamizani kuphunzira kutseka mabowo ena ndi lilime kuti muziika makodi (mawu angapo omveka pamodzi) pansi pa nyimbo. Imeneyi ndiyo imene ndimafuna aliyense ataikhalira pansi miyezi ingapo.

Pophunzira, dulani nyimbo m'zigawo za ma bar 12. Pa YouTube tsitsani liwiro kufika pa 0.75 kapena 0.5. Gawo loyamba likagwira m'pamene mupite pa lachiwiri. Dzijambuleni pa foni, mumvetsere mawa lake khutu litapuma, ndipo funso likhale limodzi: kodi munthu angagunde phazi kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Zokaimba pagulu, nyimbo zitatu n'zokwanira: ya sitima, yodekha, ndi ya shuffle (kugunda kodumphadumpha) yovinitsa. Zikhale m'makiyi osiyana kuti khutu la omvera lisatope, ndipo iliyonse isapitirire mphindi zitatu. Yambani ndi imene mumaidziwa kuposa zonse, chifukwa mantha amaumitsa m'kamwa ndipo bending imavuta milomo ikauma. Botolo la madzi likhale pafupi, ndipo harmonica muzifunditse m'thumba la malaya musanakwere pa siteji.