Kakonzedwe ka masewera ogwetsana a mafuta kwa anyamata a pamadrasa

Masewera ogwetsana anthu atadzola mafuta kwawo ndi ku Turkey, kumene mpikisano wa Kırkpınar umachitika chaka ndi chaka mumzinda wa Edirne, ndipo mu 2010 bungwe la UNESCO linauvomereza kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. M'nthawi ya ufumu wa Ottoman, umene unkalamulira Turkey kale, ogwetsana ankaphunzira m'nyumba zotchedwa tekke, dzina lomwenso linali la nyumba za Asufi (Asilamu otsindika za moyo wauzimu), ndipo wowatsogolera ankatchedwa shehe. Choncho amene akufuna kuyesa masewerawa ndi anyamata kuno ku Mzuzu ayambe wakambirana ndi ashehe a pamzikiti komanso makolo asanagule kanthu kalikonse.

Ku Edirne amasewera chakumapeto kwa Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi, koma kwathu kuno miyezi imeneyo ndi ya chisanu ndi mvula yamawawa, ndipo mwana wovula malaya sangapirire. Dikirani Seputembala kapena Okutobala. Sankhani bwalo la kapinga, ndipo mulisanthule bwino madzulo a dzulo lake, kuchotsa miyala, zitsa ndi magalasi osweka.

Akatswiri amavala kispet, buluku lachikopa cholemera lofika kumunsi kwa mawondo. Anyamata athu angavale mabuluku ansalu yolimba omangidwa ndi chingwe m'chiuno, bola abise thupi kuyambira pamchombo mpaka m'mawondo monga Chisilamu chimafunira. Mafuta a olivi amene Aturuki amagwiritsa ntchito ndi odula kwambiri m'masitolo a m'tauni muno, ndipo ine sindiona cholakwa kugwiritsa ntchito mafuta ophikira a mpendadzuwa.

Gawo lofunika kuliphunzitsa modekha ndi la ulemu. Ogwetsana amadzozana okha mafuta kumsana, aliyense kudzoza mnzake amene alimbane naye posachedwa. Kenako amaima pamzere atayang'ana ku kibula (mbali ya ku Makka), wolengeza n'kuwawerengera dua (pemphero), n'kutchulanso Hamza, m'bale wa bambo ake a Mtumiki Muhammad, amene ogwetsana amamuyesa kholo la luso lawo. Akatero amayenda m'bwalo akutambasula manja, kenako amagwada, n'kukhudza dothi ndi dzanja, n'kulifikitsa pamilomo ndi pamphumi, pokumbukira kuti munthu anachokera kudothi. Anyamata amene anakulira m'mabanja a Qadiriyya (gulu la Asufi), ozolowera kuima pamodzi pa sikiri (mwambo wokumbukira Allah) n'kumatchula dzina la Allah mogwirizana ndi mpweya, sachedwa kumvetsa mwambo umenewu, ngakhale kuti ndi bwino kuwauza momveka kuti masewerawa si ibada (kupembedza).

Phatikizani anyamata ofanana msinkhu ndi thupi. Popeza thupi limaterera, mphamvu zonse zimapita pa kugwira buluku la mnzako m'chiuno kapena kumiyendo. Wapambana ndi amene wagwetsa mnzake chagada, mimba n'kuyang'ana kumwamba, kapena amene wamunyamula n'kuyenda naye mapazi atatu. Kumenya, kukanda ndi kupotokola zala n'zoletsedwa, ndipo woweruza akhale munthu wamkulu amene anawo amamuopa. Wamng'ono akagwetsa wamkulu, mwambo wa ku Turkey umati apsompsone dzanja la wamkuluyo.

Pambali pa bwalo ikani ndowa ya madzi ndi tinsalu toyera, chifukwa mafuta osakanikirana ndi thukuta akalowa m'maso amawawa, ndipo woweruza ayenera kuimitsa masewera kuti mnyamata apukute. Sopo ndi madzi ofunda zikhale zokonzeka kuti onse asambe nthawi ya swala ya Asr (pemphero la chakumadzulo) isanakwane.