Malangizo Osinthira Mitengo Yotchinga Pakhomo Ikakalamba

Malangizowa achokera pa kasamalidwe ka mitengo m'maboma a Mulanje ndi Thyolo, kum'mwera kwa Malawi, ndipo akonzedwera eni makomo a ku Zambia, makamaka a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lusaka. Akunena za mzere wa mitengo yosayoyola masamba imene inabzalidwa m'malire kuti odutsa asamaone pakhomo, koma tsopano ikuuma, kapena yatalika moti m'munsi mwatsala mathunthu okhaokha. Mtengo wofala pa ntchitoyi ndi saipuresi (Cupressus lusitanica), umene ambiri amautchulanso mkungudza.

Musanagwire nkhwangwa

Dziwani kaye chimene chapha mitengoyo. Mukabzala musanadziwe, mbande zanu zidzafa imfa yomweyo.

Saipuresi saphukira pa nthambi yakale yopanda masamba. Ngati m'munsi mwayera, kudula nsonga sikubweretsa masamba m'munsimo, ndipo feteleza sangathandize. Mtengo wotere wangokalamba, nthaka ilibe mlandu, mukhoza kubzalanso pafupi.

Ngati kuuma kwayambira mkati mwa nthambi ndi m'munsi n'kumakwera, pekulani nthambi muyang'ane. Tizilombo tofiirira todzazana pa timitengo, nyerere zokwera ndi kutsika, ndi zakuda ngati mwaye pa khungwa, zimenezo ndi nsabwe za saipuresi. Mu Africa zinaoneka koyamba ku Malawi mu 1986, kenako zinafalikira ku Zambia, Tanzania ndi Kenya, ndipo zinagwiranso mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Zimayamwa madzi a mtengo, ndipo zimapweteka kwambiri m'miyezi yopanda mvula. Kupopera mankhwala mtengo wa mamita 15 pakhomo pomwe pali ana ndi nkhuku n'kosatheka, ndiye mzere umene nsabwezi zaumitsa kupitirira theka uchotsedwe basi.

Choopsa kuposa zonsezi chili pansi. Fukulani patsinde ndi khasu, musende khungwa pang'ono ndi mpeni. Mukapeza zoyera zoyalana pakati pa khungwa ndi mtengo, zonunkha ngati bowa, mwina ndi utomoni ukutuluka patsindepo, amenewo ndi matenda oola mizu oyambitsidwa ndi bowa wotchedwa Armillaria. Alimi a tiyi ku Mulanje ndi Thyolo akhala akulimbana nawo kuyambira kale, chifukwa amakhala m'zitsa ndi m'mizu yotsala m'nthaka n'kumalowa m'mizu ya mbewu yatsopano ikakhudzana nayo. N'chifukwa chake m'mzere mumafa mtengo umodzi, chaka chamawa woyandikana nawo, kenako winanso. M'zaka za m'ma 1930 ofufuza anapeza kuti kusenda khungwa kuzungulira thunthu nthawi yaitali musanagwetse mtengo kumatha chakudya cha m'mizu, bowayu n'kusowa podyera. Njirayi ndi ya mitengo yathanzi imene ili kutali ndi nyumba. Pafupi ndi denga kapena njira ya anthu musaiyese, mtengo wouma chiimire umagwetsa nthambi mosachenjeza.

Kugwetsa

Gwirani ntchitoyi pakati pa Juni ndi Seputembala, kuti mvula ikamadzafika malo akhale atakonzeka. Uzani mnansi wanu, chifukwa mitengo ya m'malire kawirikawiri imakhala ya mbali zonse ziwiri, ndipo funsani ku khonsolo kapena ku ofesi ya zankhalango ngati pakufunika chilolezo. Nthambi zikayandikira mawaya a magetsi, itanani a ZESCO (ku Malawi ndi a ESCOM), musatumize mnyamata ndi chikwanje.

Ngati mulibe matenda a mizu, musagwetse mzere wonse tsiku limodzi. Ugaweni zigawo zitatu, muzichotsa chigawo chimodzi pa chaka, kuyambira pamene pauma kwambiri. Chotsani mitengo yotsatizana. Kudumpha umodzi n'kudula wina kumasiya mbande pamthunzi, zikulimbirana madzi ndi mizu ikuluikulu, komanso mitengo yotsalayo inazolowera kutsamirana, ikatsala yokha mphepo ya mwera imaizula. Pamene mwachotsapo mangani mpanda wa udzu, bango kapena nsungwi, utchinge zaka ziwiri kapena zitatu.

Yerekezani kutalika kwa mtengo ndi mtunda wofika pa nyumba. Ngati ungafike padenga, udulidwe zidutswazidutswa kuchokera pamwamba ndi munthu wodziwa, wokhala ndi lamba ndi zingwe. Ngati malo alipo, mangani chingwe cham'mwamba, temani kamwa (mpata wooneka ngati V) kumbali imene mukufuna ugwere, kolowa gawo limodzi la magawo anayi a thunthu, kenako chekani kumbuyo, masentimita 5 pamwamba pa kamwalo. Musacheke mpaka kudutsa. Kachigawo kotsala pakati ndi komwe kamawongolera mtengo pogwa. Ena onse aime patali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo.

Siyani chitsa chachitali mita imodzi ndi theka. Ambiri amadulira pansi penipeni, kenako amavutika masiku ambiri ndi piki. Chitsa chachitali mumachikumba mozungulira, kudula mizu yam'mbali ndi nkhwangwa, n'kuchikoka ndi chingwe, chimadzizula ndi kulemera kwake. Mizu ya saipuresi siipita pansi kwambiri. Pamene munapeza Armillaria, tolani muzu uliwonse wonenepa ngati chala, muwotche pamodzi ndi chitsa, ndipo musabzalepo mtengo kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Dzalanipo udzu, monga wa Guatemala umene amapumitsira minda ya tiyi, kapena vetiva ngati malowo ndi otsetsereka. Vetiva amagwiranso dothi, zomwe n'zofunika pa mitunda ya ku Thyolo pomwe mizu yakale ndiyo inkaligwira.

Chobzala m'malo mwake

Musabwezeremo saipuresi, ndipo musadzaze mzere wonse ndi mtundu umodzi, kuti matenda amodzi asadzakuvuleni mpanda wonse nthawi imodzi.

Pa poloti yaing'ono ya m'tauni, ashoka ndi woyenera: amakula mowongoka, nthambi zimagwera pansi ndi kutchinga mpaka m'munsi. Bzalani motalikirana mita imodzi ndi theka kapena mamita 2, ndipo mamita 3 kuchoka pa khoma. Amadana ndi chisanu, ndiye m'mbali mwa dambo momwe mumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi sachita bwino. Pamalo aakulu bzalani msikidzi, mtengo wathu womwe, wa masamba obiriwira chaka chonse ndi mthunzi wandiweyani, motalikirana mamita 6, ndiponso mamita 10 kuchoka pa nyumba, chitsime kapena thanki ya chimbudzi. Kutsogolo kwa mitengoyi ikani mpanda wodulira wa duranta, masentimita 50 pakati pa mbande, kuti utseke m'munsi mitengo ikadzatalika. Zipatso zake zachikasu n'zapoizoni kwa ana ndi ziweto, muzimudulira durantayo asanabereke.

Bulugamu ndi girevilia n'zotchingira mphepo m'minda, pakhomo zimatalika mopitirira ndipo zimathyoka nthambi. Lantana musamubzale konse, amalowerera m'minda ndi m'tchire. Mkungudza weniweni wa ku Mulanje, mtengo wa fuko la Malawi, kwawo ndi pamwamba pa phiri pozizira, sungakutchingireni pakhomo ku Petauke.

Gulani mbande ku nazale ya kwanu. Kudutsa ndi mbande za ku Malawi pa chipata cha m'malire cha Mwami kumafuna zikalata za boma zotsimikiza kuti zilibe matenda. Sankhani za masentimita 30 mpaka 50. Zazitali zimene zakhalitsa m'chubu zimakhala ndi mizu yopotana, zimaima osakula, ndipo zaka zikapita zimagwa ndi mphepo.

Kubzala ndi kusamalira

Sunthani mzere watsopano mita imodzi ndi theka kuchoka pa wakale ngati malo alola. Kumbani maenje mu Okutobala kapena Novembala, masentimita 60 mulifupi, mulitali ndi kuya. Dothi lapamwamba liikeni padera, mulisakanize ndi ndowa imodzi ya malita 20 ya manyowa owola bwino, n'kulibwezera m'dzenje. Manyowa aawisi amawotcha mizu ndiponso amaitana chiswe. Pa dothi lakatondo kandani makoma a dzenje ndi piki, apo ayi limasunga madzi ngati mtsuko, mizu n'kuola.

Bzalani mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, madzulo kapena tsiku la mitambo. Ng'ambani chubu ndi lezala muchichotse chonse, dulani mizu yopindikira pansi, ndipo mbande ikhale pa msinkhu womwe inali m'chubumo. Kukwirira tsinde kumapha mbande zambiri. Pondani dothi mozungulira, thirani malita 10, phimbirani ndi udzu wouma wochindikala masentimita 5 mpaka 10, koma usakhudze tsinde. Pakatha mwezi, thirani magalamu 50 a feteleza wa Compound D m'kangalande kozungulira, masentimita 25 kuchoka pa tsinde.

Pa kuthirira ndiye pamene nyengo zikusiyana kwambiri. Ku Mulanje ndi Thyolo mvula ndi yambiri, ndipo chiperoni, mvula yowaza yobwera ndi nkhungu, chimanyowetsa nthaka ngakhale m'miyezi yozizira, choncho mbande zimapirira. Kum'mawa kwa Zambia ndi ku Lusaka kumauma kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Kumeneko thirani ndowa ya malita 20 pa mtengo uliwonse kamodzi pa sabata, kawiri mu Seputembala ndi Okutobala, kwa zilimwe ziwiri zoyamba. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse kumasunga mizu pamwamba, pomwe dzuwa limaipsereza.

Yenderani mzere sabata iliyonse. Dothi lomatidwa pa tsinde ndi chiswe: lichotseni, sunthani udzu wophimbira, ndipo fukulani zidutswa za mizu yakale zimene zatsala pafupi. Tchingani mbuzi ndi minga kapena waya. Duranta muyambe kumudula nsonga akafika masentimita 40, ndipo podulira pansi pazikhala potambalala kuposa pamwamba kuti dzuwa lizifika m'munsi. Mbande imene yafa ibwezeretseni mvula yomweyo isanathe, pasanafike pakati pa Febuluwale.